Nambala ya ku America yopanda SIM yotsegulira WhatsApp ya geni: ndigule?

NaPhiri wa ku Chibavi

Moni nonse. Ndili ndi funso ndipo ndikupempha amene zinthuzi mumazidziwa bwino mundithandize ndisanaononge ndalama.

Ine ndimagulitsa zitenje, nsapato za ana ndi mabedishiti. Katundu ndimakapikula ku Kyela, ndalama zikalola ndimafika mpaka ku Kariakoo ku Dar es Salaam. Benchi kumsika ndilibe, ndimagulitsira pakhomo ku Chibavi kuno ku Mzuzu, ndiye msika wanga weniweni ndi foni. Katundu akafika ndimayala pamkeka, kujambula, kuika pa status komanso m'magulupu a malonda a pa Facebook, pansi pake n'kulembapo nambala yanga. Anthu a ku Luwinga, Katoto, Mchengautuwa, ena a ku Ekwendeni ndi ku Nkhata Bay amandipeza motero, katundu ndimawatumizira pa kabaza kapena pa minibasi.

Vuto ndi lakuti nambala imene ndimalembayo ndi yomweyo imene ali nayo a kumpingo, a kusukulu kwa ana, abale anga ku Kasungu ndi apongozi. Pano yafalikira paliponse. Pali azibambo ena opanda ulemu amene amayamba ndi kufunsa mtengo wa chitenje, ukawayankha bwinobwino kenaka ayamba "muli pabanja?", usiku 11 koloko video call. Ndikabuloka uyu, mawa watulukira wina. Bambo a kunyumba sakukondwa nazo ndipo sindingawadzudzule. Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti foni yomweyo mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 ndi imene amalandirira manotsi a kusukulu, ndipo zithunzi zina zimene anthuwa amatumiza si zoti mwana aone.

Ndiye mnyamata wina wa kuno amene amathandiza anthu za mafoni wandiuza kuti akhoza kundipezera nambala ya ku America, yoyamba ndi +1, yopanda SIM. Akuti code imene WhatsApp amatumiza potsimikizira nambala idzafika pa laputopu yake, adzandiwerengera, ine ndilowetsa, basi WhatsApp yachiwiri yatseguka. Akufuna K15,000, kulipira kamodzi kokha. Akutinso nambala yomweyo tingatsegulire tsamba la Facebook la bizinesi ndi Gmail yatsopano, komanso kuti makasitomala akaona nambala yakunja amakupatsa ulemu.

Kodi zimenezi zimagwiradi? Nambalayo ikhala ya ndani, yanga kapena yake? Nanga foni itabedwa, monga zimachitikira ku depoti, WhatsApp imeneyo ndingaibwezeretse bwanji popanda SIM? Ndiponso paja boma linati laini iliyonse izilembetsedwa, ndiye sindikufuna kulowa m'mavuto chifukwa cha zitenje.

Mbewe Wamafoni

Mayi, ndalama yanuyo isungeni. Ine ndimakonza mafoni m'tauni muno cha ku Taifa, ndipo nkhani za nambala zimenezi zimafika pa tebulo langa madzi atafika kale m'khosi.

Kugwira zimagwira, nthawi zina. Koma funso lanu lachiwiri ndiye mutu wa nkhani. Nambalayo si yanu, ndipo si ya mnyamatayo. Ndi ya kampani ina ya kunja imene ili ndi nambala zambirimbiri zobwereketsa. Zina ndi zaulere: munthu amatsegula tsamba pa intaneti, pali mndandanda wa nambala, ndipo meseji iliyonse yofika pa nambalazo imaoneka poyera kwa aliyense amene watsegula tsambalo, kaya ali ku Lagos kaya ku Mumbai. Code yanu ikafika imakhala pomwepo pakati pa ma code a anthu ena. Zina ndi zolipira pang'ono, amakubwereka nambala kwa mphindi zochepa, code ikafika nthawi yatha, nambala yabwerera kwa eni ake. Mnyamata wanuyo akamati kulipira kamodzi kokha, dziwani kuti ndi mtundu umenewu, chifukwa palibe kampani imene ingakusungireni nambala mpaka kalekale pa ndalama yolipira kamodzi.

WhatsApp sadziwa nkhope yanu kapena chiphaso chanu. Kwa iwo amene walandira code ya manambala 6 ija ndiye mwini akaunti. Tsiku limene munthu wina adzapeze nambala yomweyo n'kupempha code, foni yanu idzangotulutsidwa, inu muli mtulo.

Mayi wina wophika makeke a maukwati anabwera m'mawa wina Tecno ili m'manja, akuganiza kuti foni yaonongeka. Pa sikirini panali uthenga wakuti nambala yake yalembetsedwa pa foni ina. Ndinati ikani SIM tiitanitse code yatsopano, iwo n'kuti SIM palibe, anawatsegulira ndi mlamu wawo amene pano ali ku Lilongwe. Tinamuimbira mlamuyo, sakukumbukanso ngakhale dzina la tsamba limene anatengapo nambala. Tili pomwepo kafoni kawo kena kanayamba kulira mosalekeza. Anali azimayi a banki mkhonde, kenaka wina wa komiti ya ukwati, onse akufunsa ngati ndi iwodi amene alemba pa gulupu kuti ndalama ya keke itumizidwe pa nambala yatsopano. Mmodzi anali atatumiza kale. Mayiwo anangokhala pa benchi langa atagwira chitenje pakamwa, ine screwdriver ili m'manja, palibe chokonza chifukwa foni inalibe vuto lililonse. Macheza akale wakubayo sawaona, amenewo amakhala mu foni mwanu, koma magulupu onse amawapeza, dzina lanu ndi chithunzi chanu zili pomwepo, ndiye anthu amakhulupirira.

Pamwamba pa izo, WhatsApp eni ake ananena poyera kuti salola nambala za VoIP, zimene ndi nambala zoyendera intaneti ngati zimenezi. Zambiri zimakanidwa pomwepo polembetsa, zina zimadutsa kenaka n'kudzatsekedwa. Ikatsekedwa mukadandaula kuti?

SIM ya kuno ikabedwa mumapita ku shopu ya TNM kapena Airtel ndi chiphaso chanu cha unzika, amakupatsani ina ya nambala yomweyo, code imafika, akaunti yanu imabwerera. Gulani laini yachiwiri, lembetsani m'dzina lanu, ikani WhatsApp Business. Imeneyi inabwera 2018, ndi yaulere, ndipo imakhala mu foni imodzi ndi WhatsApp wamba popanda kulimbana bola nambala zikhale zosiyana. Ma Itel ndi ma Tecno athuwa pafupifupi onse ali ndi malo a SIM ziwiri.

Tiya_Luwinga

Anti, pa za WhatsApp ya geni mverani a Mbewe, anena zoona. Ine ndine wophunzira pa Mzuni ndipo nambala zimenezi ndimazigwiritsa ntchito, ndiye ndiloleni ndionjezepo kuti tisazitaye zonse m'dzenje limodzi.

Pali mtundu wachitatu umene sanautchule. Makampani ena amabwereketsa nambala pamwezi, akaunti imakhala yanu, ya imelo yanu ndi pasiwedi yanu, meseji simaonedwa ndi wina aliyense. Mabizinesi ambiri kunja amagwiritsa ntchito zimenezi ndipo palibe chachinyengo. Koma kwa ife kuno zili ndi minga. Amalipiritsa m'madola kudzera pa khadi la ku banki, ndipo mmene ndalama zakunja zikuvutira muno, mwezi umene khadi lakana ndi mwezi umene nambala ingapite. Google Voice imene anthu amaitchulatchula ija inapangidwira anthu okhala ku America ndipo polembetsa imafuna nambala yeniyeni ya komweko. Zaulere ngati TextNow zimalanda nambala ukakhala osaigwiritsa ntchito n'kuipereka kwa wina.

Ine ndimagwiritsa ntchito za kanthawi kochepazo pa masamba amene akufuna nambala popanda chifukwa chomveka, monga ndikufuna kungoyesa app kapena kuwerenga nkhani imodzi, ndipo sindikufuna kuti mawa ayambe kunditumizira mameseji otsatsa malonda. Akaunti yoteroyo itatayika palibe chimene ndaluza. Koma Gmail ayi, anti, chonde. Akaunti ya Gmail ndi imene imasunga backup (kope la macheza) ya WhatsApp yanu, manambala a makasitomala, zithunzi, ndiponso ndi kumene Facebook amatumiza uthenga mukaiwala pasiwedi. Kuikapo nambala yobwereka kuli ngati kusiya makiyi a nyumba yonse kwa munthu wodutsa m'njira amene ngakhale dzina lake simukulidziwa.

Anzanga ena pa kampasi pano amene amasaka maganyu a pa intaneti anayesapo kutsegula maakaunti ndi nambala za +1 kuti azioneka ngati ali ku America, poti ntchito zina zimalipira bwino kwa a kumeneko. Zimayenda mpaka tsiku lotapa ndalama. Pamenepo amafunsidwa chiphaso ndi chithunzi cha nkhope, chiphaso n'cha Malawi, akaunti ikunena zina, basi yatsekedwa ndalama zili momwemo. Mmodzi anagwira ntchito usiku ndi usiku nthawi ya holide yonse osaona ngakhale tambala.

Za boma zija: kulembetsa kumene a MACRA analamula mu 2018 kunali kwa ma SIM a makampani a mafoni a muno, kugwiritsa ntchito chiphaso cha unzika cha NRB chimene tinajambulitsa kuyambira 2017. Koma ine ndikufuna muone mbali ina ya malamulo. Tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndipo limaletsa kuzunza munthu kapena kumutumizira zolaula kudzera pa foni ndi pa intaneti. Olakwa pa nkhani yanuyi ndi azibambowo. Musanabuloke jambulani screenshot yoonetsa nambala, tsiku ndi nthawi, musunge. Wina akapitiriza ndi nambala zosinthasintha, ku polisi kuli Victim Support Unit. Zimandiwawa kuti nthawi zonse ndi mzimayi amene amayenera kusintha nambala ndi kubisala pamene wolakwa akungoyenda momasuka.

Chimodzi chokha dziwani: laini yachiwiri sikubisani kotheratu. Kasitomala akamatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, dzina limene munalembetsera limaonekera.

NyaMhango Mpunga

Achemwali, ine ndimagulitsa mpunga wa Kilombero wochokera ku Karonga ndi usipa wouma, nanenso pa foni ngati inu. Za makompyuta ndizisiyira anawa, ine ndinena za malonda.

Ulemu umene mnyamatayo akunenawo kulibe. Ine ndikaona nambala ya +1 kapena +44 ikugulitsa zitenje ku Chibavi, ndalama yanga sindingatumize, ndipo amayi ambiri ali ngati ine. Tonse tinalandirapo mameseji a nambala zakunja, wina akuti wakutumizira katundu ali pa bwalo la ndege ulipire kaye, wina akuti wawina. Anthu anaphunzira kuopa. Pamene 088 kapena 099 munthu amadziwa kuti uyu ndi wathu, akandibera ndili ndi poyambira.

Ndiye ganizirani tsiku la ntchito. Wakabaza wanyamula katundu wanu, wafika ku Zolozolo, nyumba sakuipeza, bandulo alibe, ali ndi mayunitsi ochepa. Akufuna akufulasheni kuti mumuimbire. Afulasha bwanji ku America? Agogo a ku Ekwendeni amene ali ndi kafoni ka mabatani akufuna zitenje za chinkhoswe, aimba bwanji? Ndalama nazo sizingalowe pa nambala imeneyo, mudzayenerabe kupereka nambala yanu yeniyeni kuti akulipireni, ndiye mwabisa chiyani?

Ine ndili ndi malaini awiri. Ya geni ikakwana 7 koloko madzulo ndimaitseka mawu, pa WhatsApp Business ndinaikapo uthenga wodziyankha wokha wakuti tatseka tiyankha mawa m'mawa. Palinso pamene umatchera kuti nambala zimene sunasunge zikamaimba pa WhatsApp foni isalire. Chithunzi cha pa profile ndi thumba la mpunga, osati nkhope yanga. Anthu opusawo sanathe onse koma anachepa kwambiri, chifukwa munthu sangakhalire kunyengerera thumba la mpunga.

Koma langizo langa ndi losiyana pang'ono ndi la a Mbewe. Laini yatsopanoyo isakhale ya geni. Nambala yakaleyo yafalikira kale, ili pa zithunzi zanu zonse za pa Facebook, makasitomala anaisunga. Imeneyo ndiye ikhale ya geni. Yatsopanoyo mupatse a kunyumba, a kumpingo ndi a kusukulu okha, ndipo musailembe pena paliponse.

NaPhiri wa ku Chibavi

Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. A Mbewe, nkhani ya mayi wa makekeyo yandigwira mtima, chifukwa inenso ndine msungichuma wa banki mkhonde yathu, ndipo uthenga wochokera pa dzina langa azimayi aja akhoza kuukhulupirira osafunsa kawiri. Mnyamata uja ndamuuza kuti ayi. Sindikuganiza kuti amafuna kundibera, ndi mwana amene ndikumudziwa makolo ake, koma nditamufunsa kuti foni ikabedwa code idzafika kuti, anangoti tidzatsegula ina. Kwa iye ndi nkhani yaing'ono. Kwa ine makasitomala amenewa ndawasonkhanitsa mmodzimmodzi, ena amatenga pangongole kulipira pakutha pa mwezi, ndipo ndani watenga chiyani zonse zili m'macheza momwemo.

A NyaMhango, maganizo anu ndawakonda. Ndikuvomereza kuti n'kosavuta kuuza abale ndi a kumpingo kuti ndasintha kusiyana ndi kusaka makasitomala onse. Mwana naye manotsi azilandirira pa yatsopanoyo, zonyansa zija sazidzazionanso. Tiya mwanawe, ma screenshot ndayamba kusunga, sindinkadziwa kuti lamulo lilipo.

Ndatsala ndi zinthu ziwiri. Ndikaoloka pa Songwe ndimachotsa SIM imodzi kuika ya ku Tanzania kuti bandulo itchipe. Kodi WhatsApp ya laini imene ndachotsayo siima? Ulendo wina Facebook inandifunsa code ndili ku Kyela, meseji osafika, ndinakhala osaika katundu mpaka nditabwerera. Chachiwiri, mnyamata yemweyo akuti ngati sindikufuna kukaima pamzere, pali amene amagulitsa SIM zolembetsa kale. Zimenezo bwanji?

Mbewe Wamafoni

Ndiyambe ndi chachiwiricho. SIM yolembetsa kale ili m'dzina la munthu wina, ndiye vuto ndi lomwe lija, kungoti lavala 099. Ikatayika simungaibwezeretse chifukwa chiphaso si chanu. Mwini chiphasoyo akhoza kupita ku shopu, kunena kuti SIM yake yatayika, n'kutenga nambala pamodzi ndi ndalama zonse za pa mobile money. Ndiponso simukudziwa kuti dzina limenelo linagwiritsidwa ntchito pa zotani. Pamzerepo kaimeni ndithu, mayi, ndi chiphaso chanu, osati cha bambo kapena cha mwana.

Za ku Songwe musadandaule. WhatsApp ikatseguka sifunanso SIM kuti igwire ntchito, imangofuna intaneti. Mukaika SIM ya +255 imapitiriza ndi nambala yanu ya Malawi. Chokhacho, muli kumeneko musaifufute kapena kusintha foni, chifukwa pamenepo ndi pamene idzafune code. SIM imene mwachotsayo muziikulunga bwino, ambiri amataya pochotsa mu basi.

Pa ma WhatsApp onse awiri tcherani two-step verification. Ndi PIN ya manambala 6 imene mumasankha nokha, ndipo muikepo imelo yanu. Wina ngakhale ataba code, akafika pa PIN imeneyi amaima, ndipo popanda imelo yanu amayenera kudikira masiku 7, nthawi yokwanira kuti inu mubweze akaunti ndi SIM yanu. PIN isakhale chaka chobadwa. Ndipo code ikangofika inu musanaipemphe, kenaka wina n'kulemba kuti pepani ndatumiza code yanga kwa inu molakwitsa nditumizireni, musayankhe, ngakhale uthengawo utachokera pa nambala ya abusa. Ndiye kuti abusawo awabera kale.

Laini yatsopanoyo isamangogona mu foni. Muziikamo mayunitsi, muziimbirako. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito makampani amaitseka n'kudzaigulitsa kwa munthu wina, ndipo ma code a maakaunti onse amene munaikapo nambalayo amayamba kupita kwa iyeyo.

Nambala yakaleyo kuisamutsira ku WhatsApp Business n'kotheka macheza osatayika, bola tiyambe tapanga backup.

Tiya_Luwinga

Za Facebook ya ku Kyela ija, anti, mankhwala ake alipo ndipo safuna nambala iliyonse. Ikani mu foni app ya Google Authenticator kapena Microsoft Authenticator, mulumikize ndi Facebook ndi Gmail. Imatulutsa code ya manambala 6 imene imasintha pa masekondi 30 aliwonse, ndipo imagwira ngakhale netiweki palibe, kaya muli ku Kariakoo kaya pa Chiweta. Google amaperekanso ma code 10 osungira, lililonse la manambala 8 logwira kamodzi, Facebook nawo ali ndi awo. Alembeni papepala muike pamene mumasunga ziphaso kunyumba, osati mu foni yomweyo.

NaPhiri wa ku Chibavi

Ndamva zonse. Mawa ndilawirira ku shopu ndi chiphaso changa, ndikachoka kumeneko ndidutsira kwa inu a Mbewe kuti mundithandize backup ndi PIN ija, ndibwera ndi mwana kuti nayenso aone mmene zimachitikira. Katundu wina akufika Lachisanu, ndikufuna pofika tsikulo zonse zikhale zitakhazikika. Mumatsegula nthawi yanji, ndipo magetsi akazima mumagwirabe ntchito?

Mbewe Wamafoni

Hafu pasiti 7 ndimakhala ndafika, ndili ndi sola. Foni ibwere yodzaza moto, bandulo ikhalemo yokwanira chifukwa zithunzi za zitenjezo backup yake imadya, ndipo pasiwedi ya Gmail muikumbukire kunyumba konko. Polemba PIN mudzalemba nokha, ine ndidzayang'ana kumbali.